Mbale Yangayanga ndi Supuni

Assalamu alaikum abale anga a ku mzikiti, ndipo inu a ku tchalitchi, moni nonse. Mundikhululukire, sindiimirira. Mwendo uwu ukaima nthawi yaitali umayamba kunjenjemera, ndiye mungayambe kuyang'ana mwendo m'malo momvera mawu. Mundikhululukirenso kuti ndikuwerenga papepala. Lilime langa limatopa msanga, ndipo likatopa mawu amandithawa m'mutu. Ndalemba ndekha, ndi dzanja lamanzere. Sukulu ndinaiyamba imvi zitatuluka kale, m'kalasi ya akuluakulu ku mgodi, ndipo dzanja limene linaphunzira kugwira pensulo ndi ili mukuliona lagona pantchafupa. Choncho kulemba ndaphunzira kawiri, ndipo kawiri konseko mochedwa.

Dzina langa ndine Saidi, kwathu ndi ku Namwera. Inu amene mwabwera ku Joni posachedwa mumanditchula madala a pa telala. Ndinafika kuno ndili mnyamata. Ndinagwira mashini obowola mwala pansi pa mgodi mpaka msana unakana, kenako ndinapeza ntchito yosamalira maluwa kwa banja lina ku Cashan. Kumudzi amati ndine mtchona, ndipo sakunama.

Sitiroko inandipeza mu 2009, m'mawa, ndikudulira mpanda. Chisizasi chinagwa pansi. Ndinawerama kuti nditole, dzanja silinapite. Ndinafuna kuitana adona a nyumbayo, koma pakamwa panatuluka phokoso ngati la mbuzi. Zina zonse ndinachita kuuzidwa.

Kuchipatala aliyense ankanena mawu amodzimodzi: mwapulumuka madala, mwapulumuka. Ndi zoona, ndinapulumuka. Koma palibe amene amakuuza kuti kupulumukako kuli ndi katundu wake, ndipo umasenza wekha m'mawa uliwonse. Dzanja lamanja linafumbata, osatambasukanso. Phewa linkawawa ngati mwalowa msomali. Mwendo ndinkachita kuukoka. Madzi akumwa ankanditsamwa. Dovu linkatsika mbali iyi ine osamva, mpaka munthu andilozere. Ndipo china, ndinene poti tonse pano ndife odwala kapena osamalira odwala, mkodzo unasiya kupempha chilolezo. Ntchito ya ku Cashan inathera pomwepo. Sindiwadandaula anthu aja, mpanda sudulidwa ndi dzanja limodzi.

Zonsezo ndikanapirira. Chimene chinandigwetsa ndi mbale.

Amene ndinu achilendo mumve bwino. Ife a ku Mangochi tili kuno ku Meriting, Lachisanu tikachoka ku swala timapita kwa Che Amidu, telala amene amasoka pafupi ndi pokwerera matakisi m'tauni ya Rustenburg. Ndi mnzanga wakalekale, tinagona hositelo imodzi tili anyamata. Akazi awo, Abiti Juma, amaphika mpunga n'kuuthira m'thireyi lalikulu, ndipo amuna tonse timakhala pansi mozungulira, manja onse m'thireyi momwemo. Kuno kulibe mudzi. Mudzi wathu ndi thireyi limenelo. Amene wafika kumene amalandiridwa pamenepo, amene wachotsedwa ntchito amamvera pamenepo za ganyu, ndipo wina akamwalira timagwirizana pamenepo za kutumiza thupi kumudzi.

Ndipo mukudziwa mmene tinaleredwera. Dzanja lamanja ndi lodyera ndi lopatsira moni. Lamanzere ndi lotawasira kuchimbudzi. Mwana akalowetsa lamanzere m'mbale amalandira khofi asanameze.

Lachisanu loyamba nditatuluka m'chipatala anyamata anandigwira mkono mpaka kwa Che Amidu. Njira yonse ndinkaganiza za dzanja langali. Tinakhala pansi. Madzi osamba m'manja anazungulira. Thireyi linafika. Ndisanaganize chochita, Abiti Juma anabweranso, anagwada pambali panga, n'kuika patsogolo panga mbale yaing'ono ya pulasitiki, mpunga wangawanga, ndi supuni pamwamba.

Anyamata anati bismillah n'kuyamba kudya. Ine ndinayang'ana mbale ija. Kwathu munthu amene amapatsidwa mbale yakeyake ndi supuni yake ndi wa chifuwa chachikulu kapena wakhate. Ndinati m'mtima: andiuza mwaulemu kuti dzanja langa ndi lonyansa. Ndinatapa kawiri, n'kunena kuti mankhwala andichotsa chilakolako. Lachisanu lotsatira ndinati mwendo ukuwawa. Linalo sindinanene chilichonse, ndinangokhoma chitseko.

Kuchokera apo zinathamanga. Ku mzikiti ndinasiya, poti munthu amene buluku lake silidalirika angaime bwanji pamzere? Ku mafizo, kochita masewera olimbitsa ziwalo ku chipatala, ndinasiya. Mapiritsi a magazi othamanga ndinkamwa ndikawakumbukira, kenako ndinasiya kuwakumbukira. Che Amidu ankabwera kudzagogoda, ine ndinkakhala chete ngati mulibe munthu. Pomaliza ndinasamuka osatsanzika, n'kukalowa mu mkhukhu, tinyumba ta malata tija, kuseri kwa Boitekong kumene kunalibe wondidziwa. Njinga ndinagulitsa, wailesi ndinagulitsa, jekete la ku mgodi ndinagulitsa.

Ndipo ine Saidi, amene zaka zonse za m'hositelo sindinalawepo mowa, anzanga akundiseka kuti ndine shehe, ndinaphunzira kumwa ndili nkhalamba. Mukudziwa chifukwa chake? Botolo silifunsa kuti walinyamula ndi dzanja liti. Ku shebini dovu likatsika, aliyense amaganiza kuti ndi mowa. Ukayenda mokoka mwendo, ndi mowa. Buluku likanyowa, amaseka, koma amaseka woledzera, osati wolumala. Kumeneko ndinali ngati anthu onse.

Chaka chija cha mpira wa dziko lonse, mavuvuzela akulira mumsewu uliwonse, ine ndinachionera pansi. Tsiku lina ndinadzidzimuka ndili chigonere pafupi ndi mpopi, dzuwa lili pamutu, amayi otunga madzi akundilambalala ndi zidebe zawo. Mmodzi anati, "Ntate, le wena?" Ndiko kuti, bambo, inunso? Namwino wina amene anandipeza mumsewu anandiuza mosabisa kuti mowa pamwamba pa magazi othamanga ndi kuitana sitiroko yachiwiri, ndipo yachiwiriyo sisiya munthu. Ndinamuthokoza. Sanadziwe kuti ndinkaidikira ngati mmene munthu amadikirira takisi.

Pali chinanso chimene chinkandigwira, ndichitchule pang'ono chabe. Dzanja lamanjali lili ndi chimene linachita kunyumba kwanga ku Namwera, kwa mayi wa ana anga, tsiku limene ndinachoka komaliza. Iye anamwalira ndisanabwerere. Sindinabwere kudzafotokoza zimenezo lero. Ndikungofuna mudziwe kuti pamene mayi wa mafizo ankati tambasulani zala madala, ine m'mtima ndinkati ayi, dzanja ili laweruzidwa, lisiyeni.

Mwezi wa Ramazani unafika, nthawi ija ya mphepo imene imanyamula fumbi la ku milu ya migodi n'kulithira m'maso. Ine sindinkasala, sindinkaswali, ndinkangodziwa za mweziwo chifukwa cha manyazi. Tsiku lina chakumadzulo, dzuwa likadalipo, ndili chogona, ndinamva mawu panja.

"Odi kuno! Kaya muli anthu, kaya muli mizimu, odi!"

Anali Che Amidu. Ndinakhala chete monga mwa nthawi zonse. Koma chitseko cha mkhukhu chimamangidwa ndi waya, ndipo telala sasowa chodulira. Analowa chammbuyo, atanyamula chinthu chachikulu chokulungidwa m'chitenje. Anachiika pansi, anawongola msana, ananunkhiza mpweya.

"Fungo ili, Che Saidi, ndi mankhwala atsopano a sitiroko?"

"Wakulozerani kuno ndani?"

"Mayi wanu wa ku shebini. Anabweretsa siketi yoti ndimuwonjezere m'chiuno. Akuti kuli madala wina wa ku Malawi, amamwa ndi dzanja limodzi koma amaposa a manja awiri."

"Mwadzatani?"

"Ndadzafuturu, kudzamasulira kusala kuno. Kunyumba kwanga anyamata achuluka, mkulu sakhuta."

"Ine sindikusala."

"Ndikuona."

Anakhala pansi, pa dothi, n'kumasula chitenje. Linali thireyi lija la Lachisanu, mpunga ndi nyama. Anati lakwera takisi pampando wakewake, ndipo mayi wina analipatsa moni. Sindinaseke. Anayang'ana kuwala kwa pakhomo kuti aone ngati dzuwa lalowa, anaona kuti nthawi ikadalipo, n'kupinda miyendo kudikira.

Mkwiyo umene ndinausunga chaka chonse unaphulika. Ndinati, "Nanga mbale yanga mwaiwala? Ndi supuni yanga?"

"Mbale iti?"

"Yapulasitiki. Ya akhate."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinaona pankhope pake kuti akufufuza m'mutu ndipo sakupeza. Kenako pakamwa panatseguka pang'onopang'ono.

"Che Saidi. Chaka chonsechi, ndi mbale ija?"

Ndinatembenukira kukhoma, iye n'kupitiriza.

"Ife kukufunani ku chipatala, ku polisi, mpaka ku nyumba ya chisoni kukavundukula mitembo ya eni ake, ndi mbale ija? Mampara inu, chitsiru chenicheni! Abiti Juma anakuonani m'chipatala mmene munkadyera. Kumeza kamodzi, kutsokomola, kupuma. Anati, achimwene anga aja akamameza kachiwiri, anyamata awa adzakhala atafika pansi pa thireyi. Mukuwadziwa mmene amadyera, ngati belu la shifiti lalira. Ndiye anakupatulirani. Chiwindi chonse anaika m'mbale mwanu, ine mwini nyumba sindinalawe. Inu munaona supuni, chiwindi simunachione?"

Abale anga, chiwindi chinalimo. Ndinachikumbukira nthawi yomweyo, tizidutswa todulidwa bwinobwino, tofewa, toti munthu wotsamwa ameze mosavuta. Chaka chonse ndinkaona mbale ija m'maso mwanga, mtundu wake, mng'alu wake wa m'mphepete, koma chiwindi ndinachifufuta.

Komabe sindinafune kugonja. Ndinakweza dzanja lamanzere. "Ili ndi limene ndimatawasira. Mukufuna lilowe mmene inu mukudya?"

"Sopo anatha ku Joni?"

"Musachite nthabwala."

"Sindikuchita nthabwala. Ndinawafunsa ashehe kalekale, inu musanatuluke n'komwe m'chipatala. Anati lamulo la dzanja lamanja ndi la amene ali nalo. Wodwala ali ndi chilolezo. Mukanafunsa mukanamva. Koma inu mafunso anu munakafunsa ku shebini."

Pamenepo ndinanena chimene sindinanenepo kwa munthu. Ndinati dzanja ili silinafe ndi matenda, Che Amidu, lafa ndi mlandu, ndipo inu mukuudziwa. Iye ankaudziwadi, poti kwathu ndi kumodzi. Sanandiuze kuti zinali zazing'ono. Anasisita bondo. Kenako anati, "Mlanduwo ulipo, ndipo mukaufotokoza nokha kumene tikupita tonseko. Koma Mulungu akanati azipha dzanja lililonse limene linachita zotero, mu Meriting muno akanatsala amuna angati omanga okha mabatani? Ine ndine telala, ndikanadziwa. Musadzipatse chilango nokha ngati inu ndinu woweruza. Bweretsani madzi."

Madzi anali m'chigubu pakona. Anatenga yekha, ndi kabeseni, ndi sopo amene anatulutsa m'thumba la malaya. Ndinapereka dzanja lamanzere. Iye analikankhira pambali n'kugwira lamanja.

Dzanja limeneli linali lisanatsegulidwe miyezi yambiri. Ndinkalibisa m'thumba, ngakhale posamba ndinkalilambalala. Che Amidu anayamba ndi chala chachikulu, kuchikoka pang'onopang'ono, kudikira, kukokanso. Zinkawawa mpaka m'phewa. Atatsegula zala zonse, fungo linatuluka loti ine mwini ndinatembenuza nkhope. Chikhatho chinali choyera, chonyowa, ndipo zikhadabo zinali zitakula n'kuboola mnofu. Iye sanatembenuze nkhope. Anatulutsa kasizasi kake kodulira ulusi, n'kuwenga zikhadabo chimodzichimodzi, akung'ung'udza kuti kasitomala uyu ndi wovuta. Anatsuka ndi sopo pakati pa zala, anapukuta ndi chitenje cha akazi ake. Ndiye anatsukanso lamanzere.

Kuwala kwa pakhomo kunali kutafiira. Ananyamula dzanja langa lamanja ngati mmene umanyamulira mwana wa nkhuku, n'kuliika m'mphepete mwa thireyi. Zala zinadzipinda zokha, monga zimachitira, n'kugwira mkombero.

"Mwaona? Ili ligwire thireyi lisathawe. Ilo lidye. Onse awiri ali pa ntchito. Bismillah."

Anamwa madzi, n'kuyamba kudya. Ine ndinakhala ndikuyang'ana mpunga. Kenako ndinalowetsa dzanja lamanzere m'thireyi, koyamba chibadwire. Mpunga unkagwa m'zala. Nditameza kachitatu ndinatsamwa, n'kutsokomola, timpunga tina n'kugwera pa malaya ake. Anatitola n'kutaya, akupitiriza kutafuna, n'kunena kuti Abiti Juma masiku ano akuchulutsa mchere.

Musaganize kuti ndinachira tsiku limenelo. Mowa ndinamwanso sabata yomweyo, ndipo pambuyo pake kangapo. Thupi likazolowera silimva ulaliki. Chimene chinasintha n'chakuti Lachisanu lotsatira anabwera anyamata ndi galimoto yobwereka, ndipo sindinabisale. Abiti Juma atandiona pakhomo anagwira pakamwa. Anati, "Achimwene, ine ndimati ndikukuchitirani zabwino." Ndinati, "Munandichitira, alongo, wopusa ndinali ine." Mbale ija anaiponya pa denga, ilipobe mpaka lero.

Tsopano ndinene zimene zinandithandiza, mwina wina atolapo kanthu.

Ndinabwerera ku chipatala n'kuulula kuti mapiritsi ndinasiya ndipo ndimamwa mowa. Namwino anakalipa, ndinamusiya akalipe, kenako anandiyambitsanso. Mapiritsi anga amakhala kwa Che Amidu pa mashini osokera, ndipo ndimamwera pamaso pake, poti ndekha sindidzikhulupirira. Njira ya ku shebini ndinasiya kudutsamo ngakhale ili yachidule. Ndinabwerera ku Meriting, m'kachipinda ka kuseri, pafupi ndi anthu amene amagogoda.

Mayi wa mafizo nditamuuza za thireyi anaseka, anati n'zimene wakhala akundiuza kuyambira kale: dzanja lodwala lisamakhale m'thumba, lizikhala pa tebulo pamene maso akuliona, lizipatsidwa kantchito. Tsiku lililonse ndimalitsegula, kulitsuka ndi kulipukuta mpaka liume. Inu osamalira odwala, yang'anani m'chikhatho. Wodwala sakuuzani.

Za swala ndinapita ndekha kukafunsa ashehe, ndinanena zonse, za mkodzo zomwe. Anati ndizichita wuzu, kudziyeretsa ndi madzi kuja, nthawi ya swala ikakwana, ndiziswali chokhala pampando, ndipo chotuluka ine osafuna si mlandu. Ndimayenda ndi buluku lina m'jumbo. Kusala anandiletsa chifukwa cha mapiritsi. Zimenezo zimandiwawabe mwezi ukafika, koma ndinaphunzira kufunsa m'malo modzigamulira ndekha.

Ntchito ndinapeza pa telala pomwepo. Ndimasita zovala ndi lamanzere, lamanjali limatsendereza nsalu, ndipo Che Amidu amati sanaonepo mwala wabwino chotere. Koma chenjerani, dzanja losamva silidziwa moto. Chipsera ichi ndi cha simbi, ndinazindikira ndi fungo.

Pa thireyi pali lamulo tsopano. Tisanayambe, Che Amidu amalemba mzere mumpunga ndi chala, n'kunena kuti mbali iyi ndi shafiti, dzenje la mgodi la madala, wolowamo alibe chilolezo. Anyamata amamaliza, amasamba m'manja, amayamba nkhani za mpira, ine ndikadali kukumba pang'onopang'ono. Palibe amene amanyamula thireyi ndisanathe.

Sindikunamizani, abale anga. Uno ndi 2012 ndipo dzanja silinabwerere. Zala ziwiri zimagwedezeka pang'ono ndikazikakamiza, basi. Phewa limawawa kukazizira. Pali masiku amene ndimadzuka nditatopa kuposa mmene ndinagonera, ndipo kuvala malaya kokha kumandithera mphamvu. Za mayi wa ana anga zikadali pomwe zinali, sizinasungunuke ndi mpunga. Amene akulonjezani kuti mudzakhala ngati kale, mumufunse ngati anadwalapo. Ine ndangophunzira kusenza katunduyu pakati pa anthu, poti ndekha ndinayesa ndipo munamva kumene ndinakathera.

Lilime latopa, ndipo ndikumva amayi akugwedeza ziwiya kukhitchiniko. Akakupatsani mbale yanuyanu, musathawe nayo ngati ine. Funsani chifukwa chake, ndipo muyang'ane zimene zili m'katimo.

Inu achimwene muli pafupi ndi chitseko, amene chilowereni dzanja lili m'thumba la jekete, ndakuonani. Nanenso ndinkakhala pafupi ndi chitseko. Musachoke chakudya chikamabwera. Dzakhaleni apa pambali panga, mzere wanga ndi waukulu, utikwana awiri. Che Amidu, tulutsani sopo uja.